Dambo la a Hilario Lauma

"Chonde bambo, musakumbe ngalandeyi!" Salome anapempha atagwada m'matope. Kwa zaka zitatu ankayeza madzi a dambo limeneli ku Kabudula pa kafukufuku wake wa kuyunivesite. Ankadziwa kuti dothi lakuda la m'dambomo likauma limayaka ngati makala.

A Hilario, eni dimba, sanaike khasu pansi. "Kodi tomato wanga amere m'madzi?"

Pofika Okutobala dambo linali litauma, utsi ukufuka kuchokera pansi pa nthaka. Tomato yense anapsa kuyambira kumizu. Salome anathamangirako, koma sanapeze ndi dontho lomwe loti ayeze.

Anthu atasonkhana, a Hilario anamuloza Salome.

"Ndi uyu! Mwezi ndi mwezi ankadzatunga m'timabotolo. Madzi athu wamaliza ndi iyeyu!"