Kaliboni ka Alamu

Tandiuzani, n'chiyani chimagona pa pitikoti n'kudzuka pachifuwa cha bambo?

Mng'ono wanga, amene anam'chotsa bere, anakhala pambali pa bokosi la zopereka zothandizira kafukufuku wa khansa ya m'mawere. Woponyamo aliyense ankamupatsa kaliboni kapinki. Chichokereni kuchipatala anali asanasekepo.

Alamu athu ena odzitama anatulukira, kaliboni kali kale pajekete.

"Ine ndinapereka dzulo, zambirimbiri! Enanu mukudikira chiyani?"

Ndinakayang'anitsitsa. Kanali ndi timaluwa m'mphepete.

"Alamu, n'chifukwa chake pitikoti yanga ndinayanika pachingwe ija yafupika?"

Anthu anafa nalo phwete. Mng'ono wanga anaseka mpaka misozi, dzanja lili pachipsera, uku akuwakankhira bokosi.

"Ponyani, alamu, kenako mubweze nsalu ya eni."