Mwala wa Pachingwe

Mwala wa pachingwe utangoleka kugwedera, Lawson anasiya kumva zimene alonda anzake a nkhalango ankatsutsana.

Anali paphiri la kuseri kwa nyumba za kampani ya malasha ku Ingagula, pamene mvula inang'amba zigwembe. Mlendo wawo, Mayi Nangozo, mlonda wochokera ku Dedza, anali atamanga timitengo titatu, tiwiri ngati miyendo, kachitatu kopingasa, mwala ukulendewera pakati.

"Chingwe chikafika pachizindikiro apa, khomani chikhomo," anatero mayiyo. "Mzere wanu uzitsata zikhomozo, madzi sathawanso ndi dothi."

Sifiso, mnzake wa Lawson, anaseka. "Hayi, mama, njovu zakuno zidzalemekeza mizere?"

Lawson sanaseke. Bambo ake, a Gabrieli, amene anabwera m'dziko lino kudzagwira ntchito, akaweruka kumgodi, malasha adakali m'zikope, ankakwera phiri lomweli ndi timitengo totere. Iye ankachita nawo manyazi. Tsiku la maliro awo nkhuni zitachepa, anatithyola yekha n'kutiponya pamoto.

"Ndigwireko," anapempha m'Chichewa chimene ankangoyankhula kutchalitchi.

Mayiyo anamuyang'anitsitsa. "Kodi ndinu akwathu? Kwanu n'kuti, achimwene?"

"Bambo ankangoti kuli phiri, ndipo kumazizira."

"Aa, mapiri ndiye ngambiri kwathuko. Mudzi wake?"

Lawson anayang'ana kumunsi, madenga a nyumba za kampani ali bii ndi fumbi, sitima ikulira kusiteshoni ya Thomson Junction. Zaka zonse zija anakhala ndi bambo ake nyumba imodzi, osawafunsa za mudziwo.

Anasuntha mwendo wa timitengoto pang'onopang'ono, monga ankachitira bambo ake, mpaka mwala unaima pakati.

"Khomani apa," anatero Lawson.