Mkono Winawo

"Kwezani mkono pang'onopang'ono, mupume," anatero mwana wawo pafoni.

Mayi atelala anayesa, phewa n'kukana. Mtsikanayu, mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi a yoga, anachoka pakhomo kalekale. Anangowatumizira foni kuti m'mawa uliwonse aziwongola naye thupi, ululu wa m'mafupa uchepe. Akamupatsa moni sankayankha, koma iwo ankangoti watanganidwa ndi ophunzira ena.

Tsiku limeneli anaigwira foniyo ndi manja awiri.

"Mwanawe, adokotala akuti si nyamakazi ayi, ndi khansa. Bwera udzandione."

Mtsikanayo anamwetulira. "Mwachita bwino kwambiri! Tsopano mkono winawo."

Apa m'pamene mayiwo anazindikira kuti masiku onsewa ankalankhula ndi vidiyo yojambulidwa kale. Anapukuta misozi, n'kukweza mkono winawo.