Belu Lalira Kasanu n'Kamodzi

Woliza belu la tchalitchi kwathu ku Hallcombe ndine, ndipo ngakhale mbuli imadziwa kuwerenga kwake. Likalira kasanu n'kanayi wamwalira ndi mwamuna, kasanu n'kamodzi ndi mkazi, kenako limatchula zaka zake chimodzichimodzi.

Tsikulo kutangoda ndinkathamangira dokotala, mkazi wanga Keziah atatentha thupi masiku atatu. Pachipata cha kudambo ndinakumana ndi Obed Tuffin, woweta nkhosa.

"Silas, iwe kuthamanga? Mowa waulere akugawa kuti?"

Ndisanamuyankhe, belu linalira. Ndinapisa m'thumba, kiyi wa kunsanja ya belu analimo.

"Kasanu n'kamodzi," anatero Obed, akuvula chipewa. "Mwina ndi nkhalamba ija ya kwa Pym. Zaka zitiuza."

Tinawerenga. Litafika makumi anayi, Obed anandigwira phewa. Linapitirira, iye mtima n'kukhala pansi.

"Si wako, mnzanga. Wako ali ndi makumi anayi ndendende, amanena yekha."

Chikwatiranireni Keziah amabisa zaka zinayi, ine n'kumamuseka nazo tikakhala awiri.

Pamwamba pa makumi anayi aja, belu linalira kachinayi. Ndinaima m'matopemo, kulipempha kuti lilirenso.