Tepi Yomaliza ya Davis

Davis anaimitsa tepi kachitatu n'kuvula mahedifoni. Kwaya yonse ya tchalitchi cha ku Chipyela inangoyang'ana pansi.

"Alipo wina akuimbira m'mphuno," anatero Davis. "Akutsalira m'mbuyo, ndiponso akuphonya."

Davisyu sanali wamasewera. Anachoka kwawo ku Khuyu kalekale, n'kukatha zaka makumi awiri ku Joni akujambula pa tepi mavayolini ndi mapiyano a Azungu, nyimbo zawo zamakedzana zija zoti wina akangotsokomola mumayambiranso. Ankadzitama kuti khutu lake limamva ngakhale ntchentche ikutera pa waya. Mu 1979 anabwera ndi makina ake kudzajambula nyimbo zakale za m'tchalitchi kuti zituluke pa mbale ya galamafoni.

Chingwe cha maikolofoni chinali chachifupi, choncho anakhala pa benchi lakutsogolo, pafupi ndi oimba besi. Anawayang'ana mmodzimmodzi, diso n'kukaima pa a Bartholomew, msodzi wa ku Mbungo amene anaimba m'kwayamo zaka makumi anayi. Mano anali atatha, mpweya nawo unali wa ukalamba. Tsikulo anayenda wapansi kuchokera kwawo atavala jekete la ukwati wawo, chifukwa anali atalembera kale ana awo ku Bulawayo kuti adzawamva pa mbale.

Koma tepi inali itatsala imodzi, ndipo sitima ya pamadzi yoti akwere inkanyamuka mawa lake.

"Atate, mutipumireko kaye panja," Davis anauza a Bartholomew.

Akuluwo anachoka pamzere. Anatola chipewa, nayamba kuyenda kulowera kukhomo. Tchalitchicho n'chachitali, moti nsapato zawo zinalira nthawi yaitali. Palibe amene anayang'ana mnzake. Zinali zochititsa manyazi kwambiri, ndipo aliyense anachita manyazi kupatula Davis, amene anali kalikiliki kumangirira tepi yake.

Ulendo uno zonse zinayenda. Davis anatsinzina, akugwedeza mutu pang'onopang'ono, mpaka kwaya inafika pa Amen. Kenako anabweza tepi ija monyadira kuti onse amve ntchito ya katswiri.

Mawu a m'mphuno aja anali pomwepo, okulirapo kuposa kale.

Davis anayang'ana mabesi otsalawo, thukuta lili kamukamu. Mayi Evelina, azakhali ake, ndiwo anatsika pamzere wa amayi n'kudzaima pafupi naye. Analankhula motsitsa, koma m'tchalitchi chotere mawu sabisika.

"Davis mwanangu, ndiwe. Ukangovala zam'makutuzo umayamba kuimba nafe, tonse takhala tikukumva kuyambira m'mawa. A Bartholomew ndiwo anatiletsa pa nthawi yopuma ija, akuti tisakuchititse manyazi pagulu."