Galu wa Apongozi

Chiletsereni kuphika pakhomo, mudzi wonse unkadyera kulesitilanti imodzi. Chakudya sichinkatuluka, ziweto sizinkalowa. Nasibeko ndi amene anaumirira za ziwetozo pamsonkhano, ponyansidwa ndi utitiri. Sanaganize za apongozi ake osaona, a Chimtengo, omwe ankatsogoleredwa ndi galu.

"Bambo, tiyeni ndikugwireni dzanja," anawachonderera tsiku lachiwiri, ali panja pa lesitilantiyo.

"Kadyeni, mayi. Wandifikitsa panoyu sindingamusiye padzuwa."

Nasibeko analowa yekha. Anakulunga mbatata ziwiri m'chitenje. Potuluka, makina ofufuza chakudya pakhomo analira, anthu onse n'kucheuka, koma iye sanaime. Anakagwada pamaso pa nkhalambayo.

A Chimtengo ananyema mbatata, n'kuyamba kupatsa galu.

"Akuti anatiletsayo ndi mayi wina," anatero. "Mukumudziwa?"

Nasibeko anayang'ana pansi. "Ndine, bambo."