Mtovu wa m'mabatire a Kaliati

Panali munthu wina ku Nkhulambe, dzina lake Kaliati, wakumva zake zokha. Chaka china atagulitsa nandolo anapita ku Limbe, komwe munthu wosamudziwa anamutsatsa makompyuta atatu akale pamodzi ndi mabatire ake osungira magetsi.

"Azungu angotopa nawo awa, koma ndi anyuwani," anatero mkuluyo.

Kaliati anagula, n'kutsegula malo otayipira makalata. Koma makompyutawo anali adyera. Jenereta yowayatsira inkamwa petulo tsiku lonse chifukwa cha makalata awiri okha. Mwezi usanathe onse anazima, osayakanso.

Kenaka anamva kuti asodzi a ku Chilwa amagula mtovu wolemeretsera maukonde. Anaswa mabatire aja ndi nkhwangwa, madzi ake n'kukhuthulira kuseri kwa nyumba. Mtovuwo ankausungunulira m'khitchini, m'phale lokazingira mtedza.

Mkazi wake Zelifa anadandaula. "Abambo a Belita, utsiwu ukuwawa pakhosi. Alangizi a zaumoyo akuti zimenezi ndi poizoni. Kachitireni kutali, pali mwana pano."

"Aaa, inunso! Chitsulo chinapha ndani? Phalelo mungolikwecha ndi mchenga basi."

Belita, mwana wawo yekhayo, anali wa zaka zinayi, wolongolola ngati wailesi. Ankasewera paphulusa la m'khitchinimo, n'kumadya mtedza wa m'phale lomwelo. Patapita miyezi iwiri anayamba kulira m'mimba ndi kusanza. Tsiku lina m'mawa anagwa, n'kuyamba kuphupha.

Kaliati anapalasa njinga mpaka kuchipatala, mayi ndi mwana ali pakaliyala. Dokotala atamva za mabatire anagwira pakamwa.

"Bambo, mtovu wafika muubongo. Moyo tiupulumutsa, koma nzeru zake sizibwereranso."

Kaliati analira ngati mwana, koma kulira sikunakonze kanthu. Belita anatuluka m'chipatala osathanso kuyankhula. Atafika kunyumba, bambo ake anagwada pamaso pake.

"Belita, ndine ababa ako. Tangonena kuti ababa, kamodzi kokha."

Mwanayo anangowayang'ana, dovu likutsika, n'kukabisala kumbuyo kwa mayi ake. Mpaka lero sanawaitanepo.

Phunziro: Abale anga, wakutsina khutu ndi mnansi. Makompyuta ndi mabatire otha ntchito amene ena ataya musamaswe kapena kuwotcha pakhomo, muli poizoni wosaoneka ndi maso, ndipo amayambira kugwira ana. Musangowerenga nokha, tumizirani ena, makamaka amene ali ndi ana aang'ono.